Mapu a dziko lopeka: pepala, Azgaar, Inkarnate kapena Wonderdraft?

Aliyense amene anayendetsapo masewera a Dungeons & Dragons (D&D), a patebulo, momwe mmodzi amayendetsa nkhani yopeka ndipo ena amasewera ngati anthu a m'nkhaniyo, amalidziwa funso lija: "Nanga kuseri kwa phiri ili kuli chiyani?" Inu mwachezera usiku kukonza chiwembu cha kunyumba ya mfumu, osewera akufuna kulowera kumene simunakuganizeko n'komwe. N'chifukwa chake ine poyerekeza njira zopangira mapu, kukongola ndimakuika pambuyo. Ndimayamba ndafunsa kuti mapuwo ndingawasinthe msanga bwanji anthu akasokoneza zimene ndinakonza.

Pa mfundo imeneyi palibe choposa pepala ndi pensulo, makamaka pepala la timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, timene osewera amatitcha ma hex. Ubwino wake ndi woti kuchokera m'kabokosi kamodzi kupita m'kalikonse koyandikana nako mtunda umakhala wofanana, pamene pa mabokosi a mbali zinayi kuyenda chopingasa kumatalikirapo. Malamulo a D&D a 2014 amati gulu loyenda bwinobwino limayenda mamailosi 24 patsiku, pafupifupi makilomita 39. Kabokosi kamodzi mukakapatsa mamailosi 6, ulendo wa tsiku lonse ndi timabokosi tinayi, mwangowerenga ndi chala basi. Zimenezi si zachilendo ayi. D&D yoyamba ya 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, inkauza anthu kuti pa maulendo a m'tchire abwereke bolodi la masewera ena a Outdoor Survival, lomwenso linali la ma hex.

Koma pepala silidzudzula. Mapu anga oyamba anali ndi mtsinje wochokera kunyanja ina n'kukathira kunyanja ina, utagawikana katatu panjira. Ndinkaunyadira mpaka wosewera wina atafunsa mwaulemu kuti madziwo akutsetserekera mbali iti. Mitsinje imayambira kumtunda, imakumana n'kukhala umodzi, ndipo kugawikana kumachitika makamaka kumathiriro, pafupi ndi nyanja. Ndinati ndi matsenga a milungu yakale, koma tonse tinadziwa kuti ndalakwitsa.

Apa m'pamene pulogalamu ya Azgaar's Fantasy Map Generator imandigwira mtima. Ndi yaulere, imatseguka pa intaneti popanda kuika kanthu m'kompyuta, ndipo imakupatsani dziko lathunthu musanamalize kukhala pansi. Chachikulu ndi mmene imalipangira. Imagawa malo m'tizigawo masauzande ambiri, kalikonse n'kukapatsa kutalika kwake. Kenako imawerengera kutentha potengera kutalikako komanso mtunda wochokera ku equator, imawerengera mvula potengera kumene mphepo ikuchokera, ndiye madzi n'kutsata kumene kwatsika. Mukaika mapiri ataliatali pafupi ndi gombe, mbali yolandira mphepo ya kunyanja imakonda kukhala ya nkhalango, kuseri kwake n'kuuma, monga zimakhalira m'dziko lenileni. Pamwamba pa zonsezi imaikapo mitundu ya anthu, maufumu, mizinda, misewu, zipembedzo ndi mayina.

Vuto lake lagonanso pomwepo. Imapereka mowolowa manja mpaka kukulemetsani. Mumapezeka muli ndi mizinda mazanamazana imene simukudziwa mbiri yake, mayina oti lilime lanu lomwe likukana kuwatchula, ndipo wosewera akafunsa za mzinda wina mumawerenga ngati mlendo m'dziko lanu lomwe. Mabatani nawo ndi ambiri zedi. Ndipo chenjerani posintha kutalika kwa nthaka mutakonza kale maufumu: pali njira ina imene imafufuta zonse n'kupanga zatsopano. Sungani kaye fayilo yanu ya .map musanakhudzeko. Maonekedwe ake ndi a mapu a kusukulu, olondola koma osachititsa nthumanzi.

Inkarnate ndi Wonderdraft ndi za mtundu umodzi, ndipo anthu ambiri amazengereza pakati pa ziwirizi. Zonse ziwiri n'zojambulira: mumapaka nthaka pamwamba pa nyanja, kenako mumadinda mapiri, mitengo, nsanja ndi zombo. Inkarnate ili pa intaneti, ili ndi gawo laulere lokhala ndi zithunzi zochepa, ndipo zambiri zimatseguka mukamalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Zithunzi zake n'zochuluka, zamitundu yowala, ndipo pomwepo mukhoza kujambulanso mapu a mzinda kapena a bwalo la nkhondo. Woyamba kumene akhoza kutulutsa chinthu chooneka bwino madzulo amodzi. Koma popanda intaneti simugwira ntchito, ndipo masewera amene angatenge zaka zitatu ndiye kuti zaka zitatunso za kulipira ngati mukufuna zida zonse.

Wonderdraft, yomwe inatuluka mu 2018, mumagula kamodzi n'kuiika pa kompyuta ya Windows, macOS kapena Linux. Mafayilo amakhala kwa inu. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi magombe: mukakoka mzere, imaukhotetsakhotetsa yokha kuti uoneke ngati wodyedwa ndi mafunde, ntchito imene pamanja imatopetsa dzanja. Zithunzi zobwera nayo n'zocheperapo, ngakhale mukhoza kuwonjezera zojambulidwa ndi ena, ndipo pa mapu a m'mapanga ndi m'nyumba mufunika inzake, Dungeondraft, yogula payokha. Pa mapu a dziko lonse ine ndimaima ndi Wonderdraft. Amene akufuna malo amodzi ochitira zonse aime ndi Inkarnate, sindingam'tsutse.

Ziwirizi zili ndi chilema chimodzi: sizidziwa kuti madzi amatsika. Mtsinje wanga wogawikana katatu uja zingaujambule mokongola kwambiri osanena kanthu. Komanso mapu mukawataira maola ambiri mumayamba kuwaumira, moti osewera akawotcha doko lanu mumamva kuwawa kulifufuta.

Pulogalamu inanso, Campaign Cartographer ya kampani ya ProFantasy, yomwe ilipo kuyambira 1993, inamangidwa pa pulogalamu ya CAD, ya mtundu umene akatswiri ojambula mapulani amagwiritsa ntchito. Imayeza mitunda molondola, koma kuiphunzira kumafuna masabata, ndipo ine masabata amenewo ndimakonda kuwathera patebulo.

Mmene ndikuchitira masiku ano ndi motere. Ndimatsegula Azgaar, ndimadina mpaka nditapeza gombe londisangalatsa, ndimazimitsa maufumu ndi mayina onse, n'kutsala ndi mapiri, mitsinje ndi nkhalango zokha. Kachigawo kamene nkhani ikuyambira ndimakakopera papepala la ma hex, ndipo amenewo ndiwo mapu anga enieni, odzaza ndi zofufutafufuta, amene osewera sawaona. Wonderdraft imabwera pomaliza, pojambula mapu opatsa osewera ngati kuti awagula kwa wamalinyero wina wokalamba. Pamapu amenewo pali mayina khumi okha, chilumba chimodzi chili pamalo olakwika mwadala, ndipo kumpoto konse n'koyera, kwangolembedwa kuti "opitako sanabwerere". Sabata yatha osewera anga anagula bwato, akuti akulowera komweko.