Hotel Hightower ku Tokyo DisneySea: ndemanga ya munthu amene anakwera kawiri

Ndikupereka nyenyezi zisanu mwa zisanu kwa Hotel Hightower, nyumba yazisangalalo yomangidwa ngati hotela, imene anthu amakweramo chikepe chimene chimagwa dala. Ndayamba ndi zimenezo kuti amene muli pachangu mudziwiretu, koma chifukwa chake n'chachitali ndithu, ndipo kugwa kwa chikepe kumene anthu ambiri amapitira ndi kagawo kochepa chabe ka chifukwacho.

Ndinali ku Japan pamaphunziro a miyezi ingapo. Loweruka lina m'nyengo yozizira, mnzanga wa m'kalasi, wa konko, anandikakamiza kuti tipite ku Tokyo DisneySea, paki yazisangalalo ya Disney. Poyamba ndinakana, poti tikiti yake si yamasewera. Ya munthu wamkulu imasintha malinga ndi tsiku, kuyambira ma yen 7,900 mpaka 10,900. Iye anangoti kuli nyumba imodzi imene akufuna ndikaione ndi maso anga a munthu wa ku Africa, kenako ndidzamuuze maganizo anga. Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa m'bandakucha.

Dzina ndi la Tokyo koma malowo ali ku Urayasu, m'chigawo cha Chiba, m'mphepete mwa nyanja. Mukakwera sitima ya Keiyo Line pa Tokyo Station, mumatsika pa Maihama pakatha mphindi pafupifupi 15, kenako n'kukwera kasitima kena kozungulira malowo. Anatsegula pa 4 September 2001, ndipo amayendetsa ndi kampani ya ku Japan komweko, Oriental Land Company, mogwirizana ndi Disney. Nyumba imene ndikunenayi, Hotel Hightower, imene amaitchanso Tower of Terror, inabwera pambuyo, mu 2006.

Ili m'dera limene amalitcha American Waterfront. Kumeneko anamanga mzinda wa New York monga mmene unalili mu 1912: misewu, zikwangwani zamalonda, njanji yodutsa pamwamba, ndi chisitima chapamadzi chotchedwa S.S. Columbia chitakocheza padoko. Mukuyenda chomwecho mumangoona chinyumba chanjerwa zofiirira chili njo, kutalika kwake pafupifupi mamita 59. Chimene chinayamba kundisokoneza ndi kaimidwe kake. Kumwamba n'kwakukulu, kotambalala kuposa pakati, ngati munthu wosenza mtolo woposa msinkhu wake. Mazenera ena akumwambako ndi osweka. Mukaima pang'ono mumaona kuwala kobiriwira kukung'anima, kenako mfuu wa anthu, kenako zii. Palibe amene wakuuzani kanthu, koma mwadziwa kale kuti mwini nyumbayi anali wodzikuza ndipo mapeto ake sanali abwino.

Nkhani yake ndi yopeka, ndipo anaipekera malo ano okha. Ku America kuli zikepe zofanana nazo zimene poyamba anazimanga potengera pulogalamu ina yakale ya pa TV, koma ku Japan anaganiza zolemba yawoyawo. Mwini hotelayi ndi mpondamatiki wina dzina lake Harrison Hightower III, amene ankayendayenda m'maiko n'kumatenga zinthu zamtengo wapatali za eni ake. Iye ankati akusonkhanitsa. Mu 1899 anapita kumtsinje wa Congo n'kukalanda chiboliboli chotchedwa Shiriki Utundu kwa anthu a fuko lina. Atabwerera ku New York anaitana atolankhani pa 31 December chaka chomwecho kuti adzaone. Mtolankhani wina, Manfred Strang, anamufunsa za tsoka limene chibolibolicho chimabweretsa kwa wochinyoza, iye n'kuseka. Usiku womwewo analowa nacho m'chikepe kupita kuchipinda chake chakumwamba, n'kuzimitsira ndudu yake pamutu pa chibolibolicho. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chikepe chinagwa, ndipo atatsegula anapezamo chipewa chake ndi chiboliboli chokha. Hotela inatsekedwa zaka 13. Tsono inu mukamalowa, mukulowa mu 1912 ngati mlendo wa bungwe losamalira nyumba zakale, New York City Preservation Society, limene latsegula hotelayo kuti anthu aione. Ogwira ntchito onse amavala ndi kulankhula ngati a bungwelo, ndipo sachoka m'sewerolo ngakhale pokuwerengani kuti mulipo angati.

Mnzanga akundifotokozera zimenezi pamzere, anatchula dzina la fuko lopekalo. Akuti Mtundu. Ndinamuuza abwereze. Mtundu! Ndinaima kaye, chifukwa mawu a kwathu enieni, amene timanena tsiku lililonse, ndinawamva pakamwa pa munthu wa ku Japan pakati pa New York wopeka. Nditamuuza kuti m'Chichewa mawuwa amatanthauza fuko lenilenilo, anadabwa kuposa ine. Dzina la chiboliboli nalo likumveka Chiswahili: kushiriki ndi kutenga nawo mbali, utundu ndi kupulupudza. Amene analemba nkhaniyi anatenga mawu ku zilankhulo za abale athu, sanangolumikiza zilembo kuti zimveke zachilendo.

Tinaima pamzere kupitirira ola. Ndikanakhala kwina ndikanatopa, koma pano mzerewo ndi theka la chimene mwalipira. Mumayamba m'munda wa ziboliboli zamiyala, kenako n'kulowa m'chipinda cholandirira alendo. Apa ndikupemphani, abale anga, musamayang'ane foni. Kwezani maso. Pamakoma pamwamba pali zithunzi zopenta zosonyeza maulendo a Hightower. Mukaziona mwachangu mumati ndi ngwazi, chifuwa chili patsogolo, ndevu zoyera zili mbuu. Mukayang'anitsitsa mumaona kuti pa zithunzizo iye akuthawa ndi katundu, eni ake akumuthamangitsa kumbuyo. Ndiye kuti munthuyu analipira wojambula kuti apente umbava wake n'kuupachika poonekera ngati chinthu chonyadira. Sanalembe paliponse kuti uyu anali mbava, makoma okha ndi amene akumuneneza. Kumapeto kwa chipindacho kuli zitseko za chikepe chimene chinagwa, zopindika, zosiyidwa momwemo.

Kenako amakulowetsani kagulu m'ofesi yake. Chiboliboli chija chili pamwamba pa chipilala, chaching'ono, maso otseka, misomali ili thupi lonse. Wotsogolera amayatsa galamafoni kuti mumve mawu a msonkhano wa atolankhani uja. Magetsi amazilala. Zenera lagalasi lamitundumitundu limene lili kumbuyo kwa desiki limayamba kusintha, n'kuonetsa Hightower akukwera chikepe mpaka kugwa kwake. Ndiye chiboliboli chimatsegula maso, obiriwira, chimayang'ana uku ndi uku, chimaseka, n'kuzimiririka inu mukuona. Magetsi akayaka pachipilala pali mbee. Ulendo wachiwiri ndinaima kutsogolo dala, maso osaphethira, koma sindinagwire mmene amachitira. Thupi linachita tsemwe maulendo onse awiri.

Chipinda chotsatira ndi chimene sindidzachiiwala. Ndi mosungira katundu mwachinsinsi, mwa nsanjika ziwiri, modzaza ziboliboli zikuluzikulu za ku Egypt ndi kwina, mabokosi amatabwa osatsegula, zida zankhondo, zina zili lendelende pa unyolo. Kuwala n'kochepa, ndipo zonse zaunjikidwa ngati chimanga chimene mwini wake sadzadya. Anthu ena ankajambula ndi maso n'kumasirira. Ine mtima unalemera. Ndinakumbuka chigaza chakale chija chimene anachipeza mumgodi ku Kabwe, ku Zambia, mu 1921, chimene mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Ndinakumbuka kuti dziko la Germany linayamba kubweza ku Nigeria ziboliboli zamkuwa za ufumu wakale wa Benin mu 2022 mokha, patatha zaka zoposa 100 chizilandireni asilikali a Britain mu 1897. Ndipo 1899 imene anasankha m'nkhaniyi ndi nthawi imene Congo inali m'manja mwa Mfumu Leopold II ya ku Belgium ngati munda wake, anthu akudulidwa manja chifukwa cha mphira. Hightower ndi wopeka, koma zipinda zotere zilipo zenizeni.

Za kukwera kwenikweniko ndinena mwachidule, chifukwa nakonso n'kwakufupi, mphindi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Mumakhala anthu 22 m'chikepe chimodzi, aliyense ndi lamba wodutsa paphewa ngati wa m'galimoto. Zitseko zikatsekeka chikepe chimabwerera m'mbuyo kulowa mumdima wa ndiweyani, maso obiriwira aja okha akuoneka. Chimakwera, n'kuima pachipinda cha Hightower, pomwe mumamuona ngati mzukwa akufikira chiboliboli, icho n'kumukankhira m'chikepe. Chimakweranso n'kuima pakalilole wamkulu. Mumadziona nonse 22, mawu amakuuzani kuti mudzibayibitse nokha, ndipo mukukweza mkono chomwecho zithunzi zanu zimasungunuka m'kuwala kobiriwira mpaka mipando yokha. Ndiye chimathamangira kumwamba. Zenera limatseguka, mphepo yozizira imakumenyani kumaso, mumaona madenga ndi magetsi patali kwa kamphindi, kenako pansi. Thupi limanyamuka pampando, lamba yekha ndi amene amakugwirani. Chimakweranso, chimagwanso. Ndinakuwa ndi mawu onse, ndipo mayi wachikulire amene anali pambali panga anatuluka akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Amene anakwerapo zikepe za ku America amati ichi n'chofatsa poyerekeza. Ine zimenezo sizinandikhudze. Pofika pampando paja ndinali nditayenda m'nyumba ya munthuyo kwa ola lathunthu, ndikudziwa chimene anachita, moti kugwako ndinakumva ngati chigamulo cha mlandu.

Tili pansi mnzanga anandifunsa funso lake lija. Ndinamuyankha moona mtima kuti ndili ndi mitima iwiri, ngakhale umodzi ndi waukulu. Chibolibolicho anachipanga mofanana ndi minkisi ya anthu a Chikongo, makamaka ija yokhomedwa misomali yotchedwa nkondi. Kwa eni ake, chinthu chimenechi sichinali choseweretsa kapena chongoopsezera anthu. Msomali uliwonse unkakhomedwa pa lumbiro, pa pangano, kapena pa mlandu, ndipo ntchito ya nkondi inali kusaka wakuba ndi wophwanya pangano. Dzina lakelo limachokera ku mawu otanthauza kusaka. Mukadziwa zimenezi nkhani yonse imakhala pamalo pake: chiboliboli chinagwira ntchito imene chinasemedwera, chinapeza mbava n'kuilanga. Apa ndi pamene ndinawavulira chipewa amene anakonza malowa, chifukwa woipa m'nkhaniyi ndi wolanda, ndipo chilichonse m'nyumbamo, kuyambira zithunzi mpaka mabokosi, chikuloza iyeyo. Mtima wanga wachiwiri, waung'onowo, ndi woti ambiri mwa anthu amene ndinakwera nawo mwina anangotuluka ndi chithunzi cha kanthu koopsa ka ku Africa ka maso obiriwira. Ife a kwathu timadziwa mmene zimawawira mlendo akaona chigoba cha Gule Wamkulu n'kungoti n'choopsa, osadziwa kuti kumbuyo kwake kuli mwambo, maliro, chinamwali ndi chiphunzitso. Ndinamufotokozera mnzangayo za gule, za zigoba zimene zimasungidwa ku Mua, ndipo tinakambirana mpaka tiyi wathu anazizira.

Kwa amene mukufuna kupita, pali zingapo zoti mudziwe. Zonse zimalankhulidwa m'Chijapanizi, choncho werengani nkhani ya Hightower musanapite kapena pitani ndi wodziwa chilankhulocho. Maso okha amakuuzani zambiri, koma za mtolankhani ndi za ndudu zija ndikanaziphonya pakanapanda mnzanga. Mwana ayenera kukhala wamtali masentimita 102 kuti aloledwe, koma msinkhu si zonse, chifukwa mdima ndi kuseka kwa chiboliboli kuja kungamuopse mwana wamng'ono kuposa kugwa. Amayi oyembekezera ndi amene ali ndi vuto la mtima kapena msana, ichi si chanu. Pali njira yolipira ndalama zina pafoni kuti musaime nthawi yaitali, yotchedwa Disney Premier Access. Ulendo woyamba sindingakulangizeni, chifukwa mudzadutsa mothamanga m'chipinda cha zithunzi chija. Chikwama chanu chigwireni bwino kapena chiikeni pomwe akuuzani, poti chilichonse chosamangidwa chimauluka.

Potuluka mumadutsa m'sitolo ya zikumbutso, ndipo nayonso sanaisiye wamba: ndi dziwe losambiramo la hotelayo limene analiphwetsa, matailosi ake akadali pomwepo. Ndinagula kapositikhadi kamodzi ka chithunzi cha nyumbayo. Kachiboliboli kapulasitiki ndinakagwira, ndinakayang'ana, n'kukabwezera pashelefu.

Tinakweranso kachiwiri usiku, cha m'ma 8 koloko, mzere utachepa. Ngati nthawi ikulolani kamodzi kokha, sankhani usiku. Nyumbayo imakhala bii, kuwala kobiriwira kuja kumaoneka kuchokera kudoko, ndipo zenera lakumwamba likatseguka mumaona magetsi a mzinda mpaka kutali. Ulendo umenewo, pakalilole paja, ndinabayibitsa ndi manja onse awiri.