Ndemanga: phukusi loyambira letterboxing, chidindo n'chabwino koma chitini cha zipolopolo chisiyeni kunyumba

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwirizo ndazichotsa chifukwa cha chinthu chomwe ogulitsa achiika patsogolo penipeni pa chithunzi chawo, chitini chachitsulo chobiriwira chija asilikali amasungiramo zipolopolo. Amachitama kuti sichilowa madzi, sichiphwanyika, ndipo mukachikutira m'kathumba ka mawangamawanga komwe amakupatsirani limodzi palibe angachione. Zonsezi n'zoona. Koma kuno ku England chitsulo chooneka cha kunkhondo, chobisidwa mwadala pamalo podutsa anthu, chikhoza kukuitanirani apolisi, ndipo kapepala ka malangizo ka m'phukusimu sikanenapo kanthu pa zimenezi.

Kwa inu amene simunamvepo, letterboxing ndi masewera obisa kabokosi kutchire kapena pamalo ena ofikapo aliyense. M'kati mumakhala chidindo chalabala ndi kabuku. Wobisayo amalemba malangizo a kapezedwe kake, nthawi zina mokuluwika ngati ndagi, nthawi zina ndi manambala a kampasi komanso mapazi oti muyende kuchokera pa mwala wakutiwakuti. Mukakapeza mumadinda chidindo chake m'buku lanu, inunso n'kudinda chanu m'kabuku kake, kenako mumakabwezera mmene munakapezera. Masewerawa anayambira ku Dartmoor, chipululu chachikulu cha kuno ku Devon, mu 1854, pamene James Perrott wa ku Chagford, yemwe ankalondolera alendo m'chipululumo, anasiya botolo ku Cranmere Pool kuti ofika kumeneko aziikamo makadi a mayina awo. Patapita zaka anthu anayamba kusiyamo makalata oti wobwera pambuyo akawaponyere ku positi. Ku America anadziwika magazini ya Smithsonian italemba za iwo mu 1998.

Ife timakhala ku Plymouth, choncho Dartmoor ili pakhomo. Anatilowetsa m'masewerawa ndi agogo ena achizungu oyandikana nafe nyumba, omwe anayamba kusaka mabokosi ali mtsikana ndipo ali mu 100 Club, gulu la anthu amene anatolera zidindo zoposa 100. Titazolowera kusaka a eni ake, ana anga anati nafenso tibise lathu. Ndi mmene ndinagulira phukusili pa intaneti, mapaundi osakwana 40 pamodzi ndi yotumizira.

Linafika msanga, lomangidwa bwino. Munali chitini chija, kathumba kake, kabokosi kena kakang'ono ka pulasitiki koonekera m'kati kokhala ndi zotsekera mbali zonse zinayi, zidutswa ziwiri za labala wogobapo chidindo, kampeni kogobera, inki, ndi timabuku tiwiri. Labala ndi wabwino kwambiri, wofewa koma wosanyenyeka. Mwana wanga wamkazi anajambulapo chambo ndi pensulo n'kuyamba kugoba, kampeni kakungotsetsereka, tizidutswa ta labala tikugwa topotanapotana patebulo, mpaka mamba a nsombayo anatuluka limodzilimodzi. Kapepala ka malangizo pamenepa kachita bwino, kamakumbutsa kuti zilembo muzigobe mmene zimaonekera pagalasi kuti zikadindidwa ziwerengeke. Kampeniko n'kakuthwa zedi ndipo kalibe chovindikira kumano, choncho mwana wamng'ono musamusiye nako yekha. Timabuku tili ndi mapepala okhuthala osabooleza inki. Inkiyo ndiye ya chabechabe, ikangomva chinyezi imayenderera. Gulani ina.

Tsopano chitini. Nditawaonetsa agogo aja anangochiyang'ana n'kuti, "Chimenechi ku Dartmoor ayi." Chifukwa chake n'chomveka. Kumpoto kwa Dartmoor kuli malo atatu omwe asilikali amaphunzirirako kuwombera ndi zipolopolo zenizeni: Okehampton, Merrivale ndi Willsworthy. Malire ake anaikamo mitengo yopaka utoto wofiira ndi woyera. Tsiku lowombera amakweza mbendera zofiira masana ndi kuyatsa nyali zofiira usiku, ndipo masikuwo boma limawalengeza pa intaneti. Pamasiku ena onse anthu amayendamo momasuka, Cranmere Pool yomwe ija ili m'kati mwa malo a Okehampton. Asilikali akhala akugwiritsa ntchito chipululuchi kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo m'matope ndi m'maudzu mukadali zida zomwe sizinaphulike. Uthenga wa pazikwangwani ndi umodzi: chachitsulo chilichonse chooneka cha asilikali musachikhudze, zindikirani malowo n'kuuza apolisi. N'chifukwa chake malangizo a letterboxing ku Dartmoor amati mabokosi achitsulo ngati a zipolopolo asagwiritsidwe ntchito, ngakhale kuti kale anthu ankawakonda.

Ine chomwe chinandiopsa kwambiri ndi ana. Mwana amene wazolowera kuti chitsulo chobiriwira pansi pa mwala ndi mphoto, tsiku lina adzathamangira chitsulo china chomwe si cha masewera. Mnyamata wanga akaona chilichonse chonyezimira m'maudzu amakhala atafika kale ine ndisanatsegule pakamwa. Sindikufuna kuti manja ake aphunzire zimenezo, kapena a mwana wa munthu wina amene adzatsatire malangizo athu. Chitini chomwe anatitumiziracho chinabweranso ndi zilembo zachikasu za asilikali zikadali pambali, manambala a mtundu wa zipolopolo ndi zina zotero. Ogulitsa sanavutike n'komwe kuzipaka utoto.

Mwina mukuti basi ndikachibisa m'tauni, kupaki kapena kuseri kwa benchi. Kumeneko ndiye kwaipiratu. Amene mumakwera sitima kuno mukudziwa mmene amalengezera kosalekeza kuti mukaona chokayikitsa munene. Ogwira ntchito m'masiteshoni, m'masitolo akuluakulu ndi alonda amaphunzitsidwa kudzifunsa mafunso atatu akapeza katundu wopanda mwini, njira yomwe amaitcha HOT: kodi wabisidwa mwadala, kodi akuoneka wokayikitsa, kodi ndi chinthu chomwe chimapezeka pamalo oterowo nthawi zonse? Bokosi la letterboxing limagwa pa funso loyamba lisanapite patali, poti kubisika ndiye ntchito yake. Mukalikutiranso nsalu ya asilikali, n'kukhala lachitsulo losaoneka m'kati, lagwa pa onse atatu. Wapolisi sadzalitsegula kuti aone chambo cha mwana wanga.

Zinachitikapo kale. Mu Julayi 2011 ku Wetherby, ku West Yorkshire, munthu wina wa pamalo odyera anaona bambo akuchita zachilendo pafupi ndi chodzalamo maluwa cha mumsewu, akusiya kabokosi pansi pake n'kuchoka. Anaimbira apolisi. Pakati pa tauni panatsekedwa kwa maola angapo, mabizinesi anaima, asilikali odziwa za mabomba anabwera n'kukaphulitsa kabokosiko. Kanali ka geocaching, masewera a pachibale ndi athuwa omwe amasakira ndi GPS, ndipo anayamba mu 2000 ku Oregon. Bambo uja apolisi anamupatsa chenjezo lolembedwa. Onani kuti kanali kabokosi ka pulasitiki wamba. Nanga chikanakhala chitini chathu cha zilembo zachikasuchi?

Pali china chomwe kapepala ka ogulitsa sikangakuuzeni, koma ine ndinena poti tili tokhatokha. Kumudzi kwathu munthu akakuonani mutagwada pa mphambano madzulo, mukukwirira kanthu n'kumayang'ana uku ndi uku, mawa lake nkhani ili kwa amfumu kuti mwatchera nyanga. Kuno saganiza za nyanga, amaganiza za bomba kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo munthu wakuda akamafufuza m'zitsamba za kupaki amamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mzungu wa ndodo ndi kagalu. Sindikudandaula, ndikungonena zomwe maso anga aona. Amuna anga anakana kusaka mabokosi a m'tauni okha, amati apite ndi ana kapena asapite n'komwe. Tikamasaka timanyamula buku lathu la zidindo poyera, ndipo wina akatiyang'anitsitsa timayamba ndife kupereka moni n'kufotokoza. Ogulitsa amalangiza kuti muzichita mozemba anthu asakuoneni. Kutchire uphunguwo ndi wabwino. Pafupi ndi sukulu, njanji, mlatho, banki kapena doko la asilikali apamadzi ngati lathu la Devonport, wozemba ndiye amene amamuimbira 999. Malo oterowo musabisepo chilichonse, kaya bokosi ndi lotani.

Chomwe chapulumutsa phukusili ndi kabokosi kakang'ono ka pulasitiki kaja, komwe ogulitsa amangokatchula ngati chowonjezera. Ndi komwe tinagwiritsa ntchito. Munthu akakanyamula amaoneratu kabuku ndi chidindo asanatsegule. Ndinalemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi ka masewera a letterboxing, kalibe choopsa, chonde kabwezereni pomwe mwakapeza, n'kuwonjezera imelo yomwe tinatsegulira zimenezi zokha, yopanda mayina a ana kapena keyala yathu. Pepalalo ndinalimata m'kati mwa chivindikiro moyang'ana kunja kuti mvula isalifufute. Chikwangwani choterechi chimayenera kubwera chosindikizasindikiza m'phukusi, sichikanawadyera ndalama ogulitsa.

Kabokosika kapirira dzinja la ku Dartmoor, ndipo amene mukudziwa mvula ya kumeneko mukumvetsa. Titapita kukakaona nyengo yofunda itayamba, kunja kunali ndere, nkhono ziwiri zitamatirira pansi pake, koma kabuku kanali kouma gwa, ndipo munali zidindo za anthu osawadziwa, china cha mbalame, china cha galu wovala chipewa. Kabukuko ndinakaika m'kajumbo kotseka pakamwa, chidindo m'kansalu kakekake. Zofooka zake zilipo. Chotsekera chimodzi chayamba kuyera pomwe chimapindikira, chizindikiro choti pulasitiki ikufooka, ndipo ndikuona kuti chidzathyoka. Mphira wa m'mphepete mwa chivindikiro akalowa mchenga satsekanso bwino, muzimupukuta. Komanso alimi a ku Dartmoor amatentha zitsamba zaminga nyengo yozizira kuti ziweto zipeze msipu watsopano, choncho pulasitiki yobisidwa m'chitsamba ikhoza kusungunuka. Pansi pa mwala ndiye pabwino.

Za chitetezo cha osaka, kapepala kaja kamangoti sangalalani. Komatu wobisa bokosi ndiye amasankha pomwe manja ndi mapazi a anthu ena adzafike. Ku Dartmoor kuli mphiri yakuno, njoka yokhayo yaululu ku Britain, ndipo imakonda kuothera dzuwa pamiyala yomweyo yomwe ife timakonda kubisapo. Bowo lakuya loti munthu apise mkono wonse osaona m'kati lisiyeni. Nkhupakupa nazo n'zambiri m'maudzu aatali ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme, choncho ana muziwayang'ana kuseri kwa mawondo ndi m'khosi mukafika kunyumba. M'tauni vuto ndi magalasi osweka ndi majakisoni otayidwa m'zitsamba. Magolovesi mulibe m'phukusimu, ife timatenga a kudimba. Chakudya kapena maswiti musaikemo, nkhandwe zimafukula, komanso palibe kholo limene lingakondwe mwana wake atadya za m'bokosi la kutchire.

Malo enieniwo nawo ndi nkhani. Chifunga cha ku Dartmoor chimatsika mwadzidzidzi, foni malo ena sigwira, ndipo kuli madambo omwe pamwamba amaoneka msipu wobiriwira koma mukaponda mwalowa mpaka m'ntchafu. Mapu a Dartmoor a OL28, opangidwa ndi bungwe la mapu la Ordnance Survey, ndi kampasi ndi zofunika kuposa chilichonse cha m'phukusili. Malangizo a letterboxing kumeneko amaletsa kubisa bokosi pamalo oti munthu angavulale, amaletsa kulimata ndi simenti, ndipo amaletsa kuliika m'zinthu zakale monga mizere ndi mabwalo a miyala, manda a makolo akalekale, zipupa ndi mabwinja a anthu okumba miyala ya tini. Anthu akamasaka amatembenuza miyala, ndipo mwala womwe wakhala pamalo pake zaka masauzande ukasunthidwa sungabwererenso mmene unalili. Nyengo yomwe mbalame zimaikira mazira pansi, kuyambira Malichi mpaka Julayi, muziyenda mosamala. Ndipo malo aliwonse ali ndi mwini wake, ngakhale ooneka tchire. Kupaki ya m'tauni funsani khonsolo, kumalo a National Trust, bungwe losamalira malo akale ndi a chilengedwe, funsani oyang'anira malowo. Chilolezocho ndi chomwe chidzakuyankhireni tsiku lomwe mlonda adzapeze bokosi lanu.

Ndinawalembera ogulitsa kuwafotokozera zonsezi, n'kupempha kuti azipaka utoto zilembo za asilikali, aikemo chikwangwani, komanso alembe poyera kuti chitinichi si cha ku Dartmoor kapena m'tauni. Anayankha mwaulemu tsiku lotsatira, anathokoza, anati ambiri mwa ogula amachikonda chitinicho chifukwa chimakhalitsa. Pomwe ndikulemba pano chithunzi ndi mawu a pamalonda awo sizinasinthe.

Mugule kapena ayi? Ngati muli ndi munda wanu kapena nkhalango yomwe mwini wake wakulolani, kutali ndi malo a asilikali, chitinicho chidzakutumikirani zaka zambiri, bola muchipake utoto wina n'kulembapo mawu ooneka patali. Kwa ife a m'tauni okhala ndi ana, gulani labala ndi kampeni pazokha, kabokosi koonekera m'kati mukapeza m'sitolo iliyonse ya ziwiya za kukhitchini, ndipo ndalama yotsalayo igule mapu ndi inki yosayenderera. Chitini chathu pano amuna anga akusungiramo masipanala.