Mafupa a ana akale: kuwaona ndi maso kapena kuwajambula X-ray?

Ku Wharram Percy, mudzi wa ku England umene unasanduka bwinja cha m'ma 1500, akatswiri anafukula mafupa a anthu 687, pafupifupi theka la iwo ana. Wofuna kudziwa zimene anawa ankadwala ali ndi njira ziwiri.

Maso amangofuna kuwala kokwanira ndi galasi lokulitsira zinthu, ndalama zake n'zochepa.
X-ray imafuna makina ndi katswiri, ndipo kunyamula timafupa tofumbutuka n'kodetsa nkhawa.

Maso amaona zapamwamba. Tembenuzani chigaza cha mwana, musuzumire kudenga kwa dzenje la diso: mukapeza timabowo ngati pamene padya anankafumbwe, ambiri amati n'kuchepa magazi. Miyendo yopindika imasonyeza matewe, obwera posowa vitamini D. Timizere topingasa pa mano timaonetsa nthawi imene matenda kapena njala inadodometsa kukula kwa dzino, ndipo sitifufutika. Chimandikhudza mtima n'chakuti mwana wa timizereti anadwala n'kupulumuka, kenako china n'kumutenga.

X-ray imaona zamkati, makamaka mizere ya Harris m'fupa la msongolo, mizere yopingasa imene imatsala fupa likaima kukula kwa kanthawi, monga chifukwa cha matenda kapena njala. Komatu mizereyi imazimiririka fupa likamadzikonza, ndipo ina imabwera mwana akukula bwinobwino.

Maso nawo amanamizika: mizu ndi dothi zimaboola fupa, ndiponso fupa la khanda limakhala ndi timabowo mwachibadwa.

Wophunzira, kapena amene ali ndi mafupa mazanamazana, ayambe ndi maso. X-ray isungidwire timafupa tochepa timene tasiya funso.