Barolo, Brunello kapena Amarone: mugule uti ngati ndalama ikukwana botolo limodzi basi?

Funso loyamba lisakhale loti wokoma ndi uti ayi, dzifunseni kaye kuti botololo mutsegula liti, chifukwa mavinyo ofiira atatu a ku Italy amenewa amasiyana kwambiri pa nkhani yodikira.

Barolo amachokera ku Piemonte, m'mapiri a Langhe pafupi ndi tawuni ya Alba, ndipo amapangidwa ndi mphesa ya Nebbiolo yokhayokha. Mukamuthira mu galasi amaoneka wofiira mopepuka moti mutha kuganiza kuti ndi wofewa, koma ayi ndithu, akakhala wamng'ono amaumitsa mkamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, tanini wake, chinthu cha m'makungu a mphesa chimene chimaumitsa mkamwacho, ndi wochuluka komanso amawawasa. Fungo ndiye labwino zedi, la maluwa a rozi, matcheri ndi kaphula pang'ono. Lamulo limati akhale miyezi 38 asanagulitsidwe, 18 mwa imeneyo mu migolo yamatabwa, wolembedwa Riserva, amene amasungidwa nthawi yayitali, miyezi 62. Komabe ngakhale atatuluka amafuna zaka zina, kwa ine 10 kuchokera chaka chokolola ndi poyambira chabe, ndipo wa chaka chabwino ngati 2010 kapena 2016 amatha kufika zaka 20 mpaka 30 akukomerakomera. Muziyang'ananso dzina la mudzi pa botolo, wa ku Serralunga d'Alba amakhala wolimba nthawi yayitali pomwe wa ku La Morra amafewa msanga.

Brunello di Montalcino ndi wa ku Toscana, kummwera kwa Siena, mphesa yake Sangiovese yokha, ndipo banja la Biondi-Santi ndi limene linamutchukitsa kuyambira zaka za m'ma 1800. Uyu saloledwa kulowa pa msika mpaka Januwale wa chaka chachisanu chikololereni, zaka 2 amakhala mu migolo, ndiye pofika kwa inu amakhala atafewako kale. Amakoma matcheri owawasa, masamba onunkhira, akakalamba mumamva fodya ndi chikopa. Kumeneko kumatentha kuposa ku Piemonte nchifukwa chake amamveka wodzaza mkamwa, ndipo ndi nyama yowotcha eee amayenda bwino kwabasi. Zaka 10 mpaka 20 amapirira bwinobwino.

Amarone ndi nkhani ina. Ku Valpolicella pafupi ndi Verona amayanika kaye mphesa za Corvina ndi Rondinella miyezi itatu kapena inayi madzi achepe, kenako nkupanga vinyo, ndiye amatuluka wamphamvu, ukali wa mowa 15 kapena 16 peresenti, kukoma kwa mphesa zouma ndi chokoleti, kumapeto kakuwawa pang'ono. Mutha kumwa lero lomwe ndipo alendo amamukonda msanga, koma ineyo galasi limodzi landikwana, amalemera.

Ineyo mtima wanga uli pa Barolo, sindibisa, palibe mnzake pa atatuwa amene amasintha mokongola choncho akakalamba. Koma zimandiwawa kuona munthu walipira ndalama zambiri nkumutsegula ali wa zaka 4, kapena kumuimika pa kabati m'chipinda chotentha. Amafuna malo amdima ozizira, madigiri 12 mpaka 15, botolo litagona. Ngati malo otero mulibe tengani Brunello wa 2016 mumwe chaka chino, ndipo ngati mukungofuna kulawa Nebbiolo kaye pali Langhe Nebbiolo, wotchipirapo ndipo safuna kudikira.