Patatha miyezi 9 ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yosanthula ziganizo

Kumayambiriro kwa chaka chino ndinalemba maganizo anga oyamba okhudza pulogalamu ya pa kompyuta imene imasanthula ziganizo za Chingerezi, n'kujambula mivi yosonyeza liwu limene likudalira linzake. Nthawi imeneyo ndinali nditaigwiritsa ntchito kwa milungu itatu yokha, ndipo ndinaiyamikira kwambiri chifukwa inkandithandiza kumvetsa ziganizo zazitali za m'malipoti a zaulimi ndi zaumoyo, amene ndimawamasulira m'Chichewa pa ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Tsopano papita miyezi 9, ndipo ndikuiyamikirabe, koma ndadziwa bwino pamene ndingaidalire ndi pamene ndiyenera kuikayikira.

Vuto limene pulogalamuyi imayesa kuthetsa ndi lodziwika kwa aliyense amene anaphunzira za agwirizanitsi kusukulu. Taonani chiganizo ichi: "Thumba la feteleza limene alimi a m'midzi ya kumtsinje analandira mwezi watha lanyowa." Pakati pa mwininkhani, amene ndi thumba, ndi mneni wake pali mawu ambiri, kuphatikizapo mayina monga alimi, midzi ndi mwezi, koma palibe Mchewa amene anganene kuti "anyowa" kapena "wanyowa", chifukwa mutu wake umasunga thumbalo mpaka kumapeto. Kwa kompyuta zimenezi zinali zovuta kwa zaka zambiri. Mapulogalamu ena akale ankaona mawu awiri kapena atatu oyandikana basi, moti dzina lomwe lili pafupi ndi mneni ndi limene linkapambana. Mu 1997, Sepp Hochreiter ndi Jürgen Schmidhuber anapanga njira yotchedwa LSTM, imene imawerenga liwu limodzilimodzi ikusunga zina zimene yadutsa, ndipo mu 2016 Tal Linzen ndi anzake ataiyesa pa ziganizo za Chingerezi anapeza kuti imakhoza kwambiri, koma zolakwa zimachuluka mayina osokoneza akamachuluka pakati. Mu 2017 ofufuza a ku Google anatulutsa njira ya transformer, mmene liwu lililonse limayang'ana mawu ena onse a m'chiganizo nthawi imodzi ndi kupima amene akulikhudza kwambiri, kaya ali pafupi kaya ali kutali.

Pulogalamu yangayi ili ndi mbali ziwiri, yaing'ono yothamanga ndi yaikulu yogwiritsa ntchito transformer. Kusiyana kwake ndinakuona msanga. Yaing'onoyo imachita bwino pa ziganizo zazifupi, koma ikakumana ndi nthambi za chiganizo ziwiri kapena zitatu zolowerana imataya mwininkhani panjira. Yaikuluyo imachedwa pa laputopu yanga yakale ndipo imadya batire, zomwe zimandivuta magetsi akazima, komabe pa nkhani yolumikiza mwininkhani ndi mneni wakutali sinandikhumudwitse kawirikawiri. Olemba malipoti a mabungwe amakonda kuunjika nthambi pamwamba pa nthambi mpaka chiganizo chidzaze ndime yonse, ndipo muvi umodzi wochoka pa mneni kubwerera kwa mwininkhani umandipulumutsa kuwerenga ndimeyo kanayi kapena kasanu.

Pamene pali vuto lenileni ndi pamene malamulo a chiyankhulo paokha sangathe kugamula, koma nzeru za moyo. Mu mwezi wachinayi ndinkamasulira kapepala ka alangizi a ziweto, ndipo munali chiganizo chonena za mankhwala a mbuzi ndi kusungidwa m'chipinda chozizira. M'Chingerezi, liwu lolumikiza nthambiyo ndi limodzi, ndipo popeza mankhwala ndi mbuzi zonse zinali zochulukitsa, mneninso sanasonyeze chimene chikusungidwa. Pulogalamuyo inalozetsa muvi pa mbuzi, dzina limene linali pafupi. Ine ndinautsatira muviwo mosaganizira, ndipo ndinalemba kuti "mankhwala a mbuzi zimene zasungidwa m'chipinda chozizira" m'malo mwa "amene asungidwa". Mnzanga amene amawerenga ntchito yanga isanapite kosindikiza ndi amene anaona cholakwacho, ndipo chinandiopsa chifukwa kapepalako kankapita kwa alimi amene akanasokonezeka pa kasungidwe ka mankhwala.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizire m'ndemanga yanga yoyamba ija. Mlembi wa Chingerezi akhoza kusiya nkhani ili pakatikati, wowerenga n'kudzisankhira yekha, koma Chichewa sichilola zimenezo. Mneni aliyense, mfotokozi aliyense, ngakhale mlowam'malo, amanyamula chizindikiro cha gulu la dzina limene akulinena, moti womasulira amakakamizika kusankha pakati pa "a-" ndi "zi-", ndipo akasankha molakwa, chiganizo chimamveka chosalala bwinobwino chikunena zabodza. Katswiri wa chiyankhulo wa ku Malawi, Sam Mchombo, pamodzi ndi Joan Bresnan wa ku yunivesite ya Stanford, anasonyeza mu 1987 kuti mneni wa Chichewa akanyamula chizindikiro cha pamtherankhani (monga "-wa-" woimira alenje m'liwu loti "zinawaluma"), mawu atatu a chiganizo akhoza kusanjidwa m'njira zonse 6 tanthauzo osasintha, monga "Njuchi zinawaluma alenje" ndi "Alenje zinawaluma njuchi". Kwa ife, ubale wa mawu sudalira kwambiri malo amene liwu laima, koma timaphatikizo timene tili mkati mwa mneni. Pulogalamu imene inaphunzira pa Chingerezi, mmene malo a liwu ndi amene amalamula, siingandithandize kumbali ya Chichewa, ndipo nditayesa kuipatsa ziganizo zathu inangojambula mivi yopanda mutu. Sindikuiimba mlandu pa zimenezi, chifukwa mapulogalamu otere amaphunzira kuchokera ku ziganizo zikwizikwi zimene anthu anazisanthula pamanja, monga zija za m'nyuzipepala ya Wall Street Journal zimene zinasanthulidwa ku yunivesite ya Pennsylvania, ndipo yangayi sinaphunzitsidwe Chichewa n'komwe.

Cholakwa china chimene chabwerezabwereza ndi cha mawu olumikizidwa ndi "ndi". Lipoti likanena za ana ndi amayi oyembekezera amene ali ndi malungo, pulogalamuyo nthawi zina imapereka malungowo kwa amayi okha, nthawi zina kwa onse, ndipo siisonyeza kuti ikukayika. Chimenechi n'chimene ndimachidandaula kwambiri, chifukwa muvi wongolota ndi muvi wotsimikizika zimaoneka chimodzimodzi pa sikirini.

Kagwiritsidwe ntchito kanga kasintha chifukwa cha zonsezi. Ndimaipatsa ziganizo zokhazo zimene zapitirira mizere iwiri, ndipo ndimakhulupirira muvi wa mwininkhani ndi mneni popanda kuchedwa nawo. Muvi uliwonse wochoka pa nthambi yofotokoza dzina, kapena pa mlowam'malo, ndimauyesa ndekha poika agwirizanitsi a mayina onse awiri ndi kuwerenga mokweza kuti ndimve tanthauzo limene likugwirizana ndi nkhaniyo. Onse awiri akamveka otheka, ndimalembera mwini lipotilo kumufunsa chimene ankatanthauza, ndipo kawiri konse m'miyezi imeneyi mlembiyo anachita kubwerera ku zolemba zake zakumunda asanandiyankhe.