Sentinel-2, Global Forest Watch kapena zithunzi zogula, ndi ziti zothandiza pa nkhani ya kaboni?

Anzanga obzala mitengo mwandifunsa kangapo konse, ena mpaka kundiimbira usiku, kuti ngati tikufuna kugulitsa kaboni wa m'nkhalango zathu (kutanthauza kulipidwa chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide womwe mitengo yathu imayamwa nkusunga), ndi zithunzi ziti za setilaiti zomwe tingasonyeze ogula kuti mitengoyo ilipodi. Ndiyankhe kamodzi basi, chifukwa ife a gulu lathu la cha ku Lunzu tinayesa zonse zitatu ndipo imodzi inatilira ndalama zambiri.

Global Forest Watch, webusaiti yoonetsa mapu a nkhalango, ndi yaulere ndipo ndi yosavuta, umangotsegula pa foni nkuona komwe mitengo yatha kuyambira 2001. Zambiri zake zimachokera ku Landsat, setilaiti ya ku America yomwe kadontho kamodzi pa chithunzi ndi malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. Kuona mmene Michiru kapena Ndirande anametedwera ndi yabwino, koma kamunda ka mitengo ka theka la ekala sikaoneka bwino, ndiye kwa ife alimi ang'onoang'ono ndi yongoyambira.

Tsono zithunzi zogula. Apa ndi pomwe mtima umandiwawabe. Kampani ina ya kunja, sinditchula dzina, inatilonjeza zithunzi zooneka bwino kwambiri, akuti mtengo uliwonse muziutha kuuwerenga, ndipo zoona zithunzi zinali zokongola, ngakhale denga la malata la nyumba ya amfumu limaoneka. Chomwe sanatiuze poyamba ndi choti sagulitsa malo ochepa, pali mlingo wa malo omwe uyenera kulipira ngakhale iwe ukufuna mahekitala 40 okha, ndiye tinalipirira mpaka midzi ya eni ake yomwe sitikuidziwa nkomwe. Kulipira kwake ndi madola, ndipo mukudziwa nonse mmene forex ikusowera kubanki, tinadikira masabata angapo kwacha ikungogwa. Titalandira zithunzi nkuti tizitumize kwa munthu wodzatsimikizira ntchito yathu, anatiuza kuti layisensi yomwe tagula ndi yoonera ife tokha, kugawana ndi wina ndi ndalama ina. Ndalama zimenezo anasonkha ndi amayi ogulitsa tomato ndi abambo a kabaza, ine ndi amene ndinawalimbikitsa, ndipo tsiku lokawafotokozera pansi pa mtengo wa mango lija sindidzaliiwala.

Chinatiwonjezera ululu ndi choti chithunzi chachikulu chomwe anatipatsa chinajambulidwa mu Seputembala, nthawi yomwe mitengo yachilengedwe yambiri yayoyola masamba komanso udzu watenthedwa ndi osaka mbewa. Phiri lonse limaoneka lofiira ngati palibe kanthu, pomwe mitengo ya mombo ndi masuku inali yamoyo bwinobwino ikungodikira kuphukira.

Sentinel-2 ndi yomwe ndimaikonda ndipo sindibisa. Ndi ya bungwe la ku Ulaya loona za mlengalenga la ESA pansi pa pulogalamu ya Copernicus, setilaiti yoyamba inakwera mu 2015, yachiwiri mu 2017, kadontho kake ndi mamita 10, ndipo imajambula malo omwewo pafupifupi masiku 5 aliwonse. Yaulere, ndipo amalola kugwiritsa ntchito ngakhale pa bizinesi. Popeza zithunzi ndi zambiri, umatha kuika cha Epulo pambali pa cha Seputembala nkuonetsa munthu kuti mitengo sinafe, yangovula. Vuto lake ndi mitambo, Januwale ndi Febuluwale mwina supeza chithunzi choyera, apo pamafunika Sentinel-1 ya radar yomwe imadutsa mitambo koma kuiwerenga kwake mpofunika munthu wodziwa. Bandulo nayo imatha msangamsanga. Chenjeraninso ndi Google Earth Engine, pulogalamu ya pa intaneti younikira zithunzi zimenezi, ndi yaulere pa kafukufuku ndi maphunziro koma ukayamba kupangira ndalama ndi yolipira.

Koma amangwetu, setilaiti iliyonse mwa izi imaona kubiriwira, siiona kaboni. Chimanga chokula bwino ndi chobiriwira, nsungwi ndi zobiriwira, pomwe mbande zomwe munabzala chaka chatha sizioneka konse mpaka zitakula. Kaboni amagulitsidwa m'ma credit, credit imodzi ndi tani imodzi ya mpweya wa carbon dioxide, ndipo kuti ufike pa nambala imeneyo uyenerabe kulowa m'thengo ndi tepi kuyeza kunenepa kwa thunthu pa msinkhu wa mita 1.3. Ogulanso anachenjera kuchokera mu Januwale 2023 pomwe nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti ma credit ambiri a nkhalango ovomerezedwa ndi Verra, bungwe lotsimikizira ma credit a kaboni, sanali kuimira kaboni weniweni, Verra inakana koma chikhulupiriro chinagwedezeka, ndipo pano amafuna chithunzi ndi miyezo ya pansi zigwirizane.

Ine ndikuti yambani ndi Sentinel-2, ndalama yomwe mukanagulira zithunzi mugule matepi ndi kulipira achinyamata oyeza mitengo. Zogulazo muzizigula pokhapokha wogula kaboni wanena yekha kuti akuzifuna, ndipo alembe pa pepala kuti alipira ndi iyeyo.