Pakistan ndi zigawenga za Taliban: kukambirana kapena nkhondo?

Dziko la Pakistan lidayesapo zonse ziwiri. Mu 2009 boma lidagwirizana ndi a Taliban a ku Swat, chigwa cha kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, n'kulola malamulo a Chisilamu a Sharia kumeneko. Sipadathe miyezi itatu, zigawengazo zidalowerera ku Buner, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Islamabad, likulu la dzikolo. Poti dzikoli lili ndi mabomba a nyukiliya, omwe lidawayesa ku Chagai mu 1998, maiko akunja adagwidwa nthumanzi. Kunena zoona, mgwirizanowo udangopatsa zigawenga mpata.

Nkhondo nayo siyabwino. Asilikali adalanda Swat chaka chomwecho, koma anthu pafupifupi 2 miliyoni adathawa m'makwawo. Nkhondo ya mu 2014 ya ku North Waziristan, dera la kumalire ndi Afghanistan, idachepetsadi ziwembu, kungoti zigawenga zambiri zidangowolokera ku Afghanistan, ndipo kuyambira 2021 zayambiranso kuvuta.